Kandege ka a Zuze

Chaka cha chisankho, 1994

Esinati ndi Godifule, ana anga, za ubwana wanga kwa Kanduku ndakhala ndikukusimbirani mpaka munafika pondimalizira ziganizo, ndiye pano sindibwerezanso. Ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa ku Limbe pa kampani ina ya malole, yomwenso inkaombola katundu wa anthu pa malire. Inatha kalekale, ndipo dzina lake ndilisiya. Ndinali wolemba zikwangwani. Dzina la kampani pa chitseko cha lole, manambala pa ngolo, mawu ochenjeza kumbuyo, zonsezo zinkatuluka m'dzanja langa, choko poyamba kenako burashi. Dzanjalo linali labwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndi labwino. Munthu woyamikiridwa tsiku ndi tsiku amafika poopa liwu limodzi lokha, lakuti "ndalephera".

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, msewu wa ku Tete unadzazanso malole, ndipo kampani inatsegula depoti pa malire a Mwanza. Ananditumiza ine poti ndine wa konkuno. Ndinafika misonkhano ya zipani ili pachimake, aliyense akufuna nsalu yolembedwa, ndipo Loweruka ndinkalembera onse popanda kufunsa kuti akuvotera ndani. Bwana wa depoti anali a Chikaonda, munthu wamfupi wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, amene ankayeza zilembo zanga ndi lula. "Bambo Kathumba," ankatero, "chilembo chikapendekeka, anthu amati ndi lole yomwe ndi yopendekeka." Koma penti yochokera ku Limbe inkabwera kamodzi pa miyezi itatu, mwina osabwera n'komwe. Thinala akatha ndinkasungunulira parafini. Maburashi aang'ono ndinkapanga ndekha ndi ubweya wa kumchira wa mbuzi, n'kumangirira ku kansungwi. A Chikaonda atazindikira zimenezi anasiya kundiyeza ndi lula.

Pa depotipo panali bambo wina wotsuka malole, a Zuze, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Anabwera ku Malawi pothawa nkhondo pamodzi ndi akazi awo a Rozina, omwe anamwalira ali konkuno n'kuikidwa pa mudzi wina wa kwa Kanduku. Anzawo akukwera mabasi kubwerera kwawo, iwo anatsala. Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chinyungwe, ndipo ine ankanditchula kuti Amisiri. Kuwerenga sankatha. Masana tinkadyera pamodzi mbatata pamthunzi wa ngolo, ndipo ndinkawakonda ndithu, koma ndikaunika bwino mumtima mwanga, ndinkawaona ngati munthu wa ndowa ndi sopo basi. Sindinawafunsepo chimene anatsalira.

Novembala, patatha zaka zitatu

Kampani inayamba kutumizanso katundu pa ndege kudzera ku Chileka, ndipo akuluakulu anaganiza zopatsa makasitomala mphatso ya Khirisimasi. Dalaivala wina wochokera ku Joni anatsitsa katoni pakhomo la shedi yanga. Munali tindege tachitsulo, tolemera m'manja, kutalika ngati chikhato, toyera mbee topanda chilembo ngakhale chimodzi. Tambiri tinali ta mtundu wa ndege zikuluzikulu za anthu apaulendo, koma titatu tinali ta ndege zazing'ono, za mapiko apamwamba ndi injini imodzi kumphuno. Mu envulopu munali mapepala a masitika: dzina la kampani, mizere yamitundu, timawindo, ndi pepala limodzi la zilembo zakuda zapadera, chilichonse kukula ngati njere ya mpunga. A Chikaonda anati, "Mumate zonsezi mwezi uno usanathe. Inu ndinu katswiri, si nkhani."

Masitikawo sanali omatula n'kumata ngati a masiku ano. Anali onyika m'madzi. Umadula kachidutswa ndi lumo, n'kukaviika, ndipo kakhungu kopyapyala ngati ka anyezi kamalekana ndi pepala, iwe n'kukatsetsereza pa chitsulo. Ine ndinali ndisanaonepo zoterozo. Ndinati ndiphunzirire pa zilembo zopanda ntchito, ndipo ndinayamba ndi Q ndi X, poti m'Chichewa mulibemo ndipo m'dzina la kampani munalibenso. Zonse ndinazing'amba tsiku loyamba lomwelo. Zina zinakwinyika pa chala, zina zinatsalira m'mbale.

Tsiku lachiwiri a Zuze anaima pakhomo ndi ndowa yawo, n'kuyang'ana kwa kanthawi. "Amisiri, madziwo azizira. Afunditseni pang'ono, muponyemo kadontho ka sopo." Ndinawayang'ana modabwa. Anatuluka, n'kubwera ndi nthenga ya nkhuku. "Chala chanu n'cholemera. Kankhani ndi iyi." Ndinayesa, ndipo mzere wofiira unayenda wokha pa thupi la kandegeko ngati ukudziwa kopita. Kenako anatenga kandege komwe ndinali nditamata kale, n'kupukusa mutu. "Apa ayi. Manambala sakhala pamphuno, amakhala kuno kumchira ndi pansi pa phiko. Nyale ya kumanzere ndi yofiira, ya kumanja yobiriwira." Nditawafunsa kuti zimenezi anazidziwira kuti, anati kwawo, kutsidya kwa Tete, ankagwira ntchito pa kabwalo ka ndege ka fumbi. Ankatchetcha udzu, kugubuduza migolo ya mafuta ndi kutsuka ndege. "Kulemba sindidziwa," anatero, "koma chimene ndatsuka ndi manja angawa sindiiwala."

Kuyambira pamenepo ankati akamaliza malole, n'kudzakhala pa benchi langa. Iwo ankagwira kandege n'kundiuza poika, ine n'kutsetsereza, kuumitsa ndi kansalu ndi kupaka vanishi. Tinamaliza patatsala masiku awiri. A Chikaonda anakondwa kwambiri, ndipo anati tating'ono titatu tija makasitomala sangatifune, tione chochita nato.

Madzulo a tsiku limenelo, tisanaweruke, a Zuze ananyamula kamodzi mwa titatuto, n'kukaika pa chikhato. Kenako anayamba kuyankhula osandiyang'ana. Anati anali ndi mwana mmodzi yekha, Filomena, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina akupita ndi mayi ake kumunda anaponda bomba lokwirira, phazi n'kunyenyeka. Pa kabwalo paja panatera ndege yonyamula ovulala, yofanana ndendende ndi kameneka, yoyera ya mzere wabuluu. Munalibe malo a makolo. Woyendetsa anati abweranso mawa kudzatenga mayi wa mwanayo. M'mawa mwake kunabwera mfuti m'malo mwa ndege, ndipo mudzi wonse unathawira ku mapiri mpaka kudzatulukira ku Malawi. Komwe ndegeyo inapita sanadziwe.

"Ndinatsalira zimenezi, Amisiri," anatero. "Kwathu kulibe munthu. Koma pano pa malire aliyense amadutsa. Wa ku Beira, wa ku Harare, wa ku Joni. Ndikamawauza ndi pakamwa samva. Mukandimatira kameneka monga inalili ndege ija, wina adzaizindikira."

Zilembo za kumchira ankazikumbuka ngati zithunzi. Anagwada pa fumbi la pakhomo n'kuzijambula ndi chala, zisanu, chimodzichimodzi. Zinayi zoyambazo sindizilemba pano. Chomaliza chinali chozungulira, chokhala ndi kamchira pansi chakumanja. Nditachiona ndinadziwa kuti ndi Q, ndipo ma Q onse ndinali nditawawononga ndekha.

Mzere wabuluu unalipo, ndipo tinaumata bwinobwino. Zilembo zinayi zinakhala malo ake. Pa chachisanu ndinaika O, n'kunena mumtima kuti kamchirako ndijambula ndi penti. Mawa lake a Zuze ali ku malole, ndinatenga ubweya umodzi wokha wa mbuzi n'kuyesa. Penti yosungunulira parafini ija inayenderera, chilembo chonse n'kuda bii. Ndinapala, n'kuika O wina, n'kuyesanso, zomwezo. Ndinatsala ndi ma O awiri okha, okwana mbali ziwiri za mchira. Ndinawamata, n'kupaka vanishi.

A Zuze atabwera anakatembenuza kandegeko uku ndi uku, maso akulengeza misozi. Kenako analoza ndi chikhadabo. "Nanga kamchira kaja?"

Ana anga, apa ndi pamene ndikanati, "Ndalephera, tidikire dalaivala atibweretsere pepala lina." Zikanatenga mwezi umodzi. Koma ndinayankha kuti, "Kaja n'kongokongoletsa, a Zuze. Ena amalemba O ndi kamchira, ena ayi. Chilembo ndi chomwecho."

"Zoona, Amisiri? N'chimodzi?"

"N'chimodzi."

"Chabwino. Inu ndi amene munapita kusukulu."

Anakaika pa windo la shedi, loyang'ana kumsewu kumene madalaivala amayenda pansi podikira mapepala awo. Mwezi wotsatira anandipempha kuti ndiwalembere kalata yopita ku ofesi ina ya ku Blantyre yothandiza anthu otayana pa nkhondo. "Mukopere monga zilili pa kandegepo," anatero. Ndinagwira cholembera n'kuima pa chilembo chachisanu. Iwo anali pambali panga akuyang'ana dzanja langa, ndipo ndikanalemba kamchira akanakaona. Ndinalemba O. Ndinadzinyenga kuti anthu a ku ofesiwo ndi ophunzira, atulukira okha. Yankho linabwera patapita miyezi yambiri, laulemu ndithu, lakuti afunsa konse kumene akanatha koma ndege ya zilembo zimenezo palibe akuidziwa. Ndinawawerengera ndine.

Chaka cha njala, 2002

Zaka zimenezi ntchito yanga inayamba kutha ndikuiona. Ku Blantyre kunabwera makina odula zilembo za pulasitiki ndi kompyuta, ndipo chitseko chomwe ndinkalemba tsiku lathunthu ankachimata pa mphindi zochepa. A Chikaonda anasamutsidwira ku Limbe, m'malo mwawo munabwera mayi Nachisale, munthu wosachulutsa mawu amene ankafika pa depoti aliyense asanafike. Antchito ambiri anachotsedwa chaka chimenecho, njala ili pakhomo. Ine anandisiya n'kundipatsa ukapitawo wa pabwalo, ndipo atandifunsa za a Zuze ndinawaikira kumbuyo mwamphamvu mpaka anatsala. Anthu anandiyamikira kuti ndine mnzawo weniweni. Ine ndinkadziwa chimene chinkandikankha.

Tindege tokha ndi timene tinasunga dzanja langa. Madalaivala ataona kaja ka pa windo anayamba kubwera ndi tawo kuchokera ku Joni, toyera tosalemba, pamodzi ndi mapepala a masitika. Wina ankafuna dzina la mkazi wake pa thupi la ndege, wina mitundu ya timu yake ya mpira, wina mbendera ya Malawi kumchira kuti akaike pa kabati kwawo. Loweruka masana tinkakhala pa benchi ine ndi a Zuze, mbale ya madzi ofunda pakati, nthenga m'dzanja. Mapepala a zilembo anadutsa ambiri m'manja mwanga, ndipo pa lililonse panali Q. Ndikanatha kupala vanishi n'kukonza tsiku lililonse. Koma kukonza kunali kuvomera kuti ndinanama, ndipo chaka chilichonse chikadutsa bodzalo linkalemera kuposa chaka chapita. Dalaivala aliyense wachilendo a Zuze ankamutengera pa windo. "Amigo, munaionapo iyi?" Onse ankapukusa mitu.

Chaka chomwecho anayamba kudandaula maso. Ku chipatala anawauza kuti si ng'ala yoti angachotse, koma mtsempha wa diso ukufa pang'onopang'ono. Lamanzere linatsekeka msanga. Lamanja linkaonabe, moti munthu akaima pafupi ankamuzindikira nkhope.

Nyengo ya manachesi, patatha zaka zina zitatu

Lole ina ya ku Zimbabwe inakhala masiku awiri pa malire podikira mapepala. Dalaivala wake anali atatenga malume ake, bambo wokalamba dzina lawo a Moyo, omwe ankapita ku Blantyre kukaona mwana wawo. Tsiku lachiwiri a Zuze anali atapita ku boma kukatenga mankhwala a m'maso. A Moyo ankayenda uku akusenda nachesi, ndipo atafika pa windo langa anaima. Anapempha m'Chingerezi kuti akagwire kandegeko. Anakayang'ana pansi ndi pamwamba, n'kuseka.

"Mwaikhoza ndithu," anatero. "Ndege iyi ndinaikonza injini kwa zaka zinayi. Koma amene anakuuzani zilembo analakwitsa chimodzi. Chomalizachi ndi Q."

Ndinafunsa kuti inkagwira ntchito kuti. Anati nthawi ya nkhondo inkatola ovulala m'timabwalo ta m'tchire n'kukawatula pa chipatala china cha mishoni kufupi ndi Chimoio, ku Mozambiki komweko. Anati ana ambiri odulidwa miyendo amene makolo awo sanapezeke anakulira pa mishoni pomwepo, ndipo masisitere ankalemba dzina la aliyense. Ndinawapatsa kapepala, iwo n'kulembapo dzina la malowo. Madzulo lole yawo inanyamuka.

A Zuze anabwera m'mawa mwake ndi kabotolo kawo ka mankhwala. "Kunabwera alendo dzulo, Amisiri?" Ndinati, "Ayi, ndi omwewa a masiku onse." Kapepala kaja ndinali nditakapinda n'kukaika pansi pa chitini cha maburashi.

Ndinakasunga miyezi khumi ndi umodzi. Ndalemba chiwerengerochi ndikuchita manyazi, koma ndi chimenecho. Sikuti ndinkafuna kubisa mpaka kalekale. Mlungu uliwonse ndinkati ndiwauza Lolemba. Ndinkakonza mawu m'mutu, n'kuwaona akubwera ndi ndowa yawo akupapasa khoma, mawu aja n'kuthawa. Ndinali kapitawo, ndinali mkulu wa mpingo, anthu pa malire ponse ankatitchula ngati chitsanzo cha chibwenzi. Ndinaganizanso zongowapatsa dzina la mishoniyo n'kunena kuti mlendo wina wangotchula, osakhudza za chilembo. Koma ndinkadziwa kuti afunsa kuti mlendoyo waizindikira bwanji ndege imene ena onse analephera, ndipo akafika uko adzamva okha.

Amene anathetsa zimenezi ndi amayi anu. Tsiku lina Lamulungu titachoka ku tchalitchi anandipeza nditakhala kuseri kwa nyumba, chakudya nditachisiya. Iwe Esinati unali ku sekondale nthawi imeneyo. Anandifunsa kuti chikundidya n'chiyani, ndipo ndinawauza zonse kuyambira pa ma Q ong'ambika aja. Sanakuwe. Anakhala pansi pa mwala, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Bambo a Esinati, mwana wake wa munthu?"

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Akanakhala Esinati, wina n'kusunga kapepala m'chitini, inu mukanamutcha dzina lanji munthu ameneyo?" Anati, "Mawa mukawauze. Osati theka, zonse. Mukapanda kutero ndipita ndine, ndipo ndikanena pamaso panu."

Lolemba lake

Ndinawaitanira m'shedi n'kutseka chitseko. Pofika nthawiyi diso lamanja lija linali litatsala kungosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo malole ankatsuka mopapasa, madalaivala akuwalozera. Ndinawakhazika pa benchi, n'kuyamba ndi nkhani yabwino, ya mkulu wa ku Zimbabwe ndi dzina la mishoni. Anaimirira, n'kuyamba kuyankhula Chinyungwe chokhachokha. Kenako anafunsa funso lomwe ndinkaliopa. "Anabwera liti munthu ameneyu? Dzulo?"

Ndinawauza kuti chaka chatha, nyengo ya manachesi. Ndinawauza za chilembo, za penti yoyenderera, za kalata ya ku Blantyre. Ndinayankhula nthawi yaitali, ndipo sanandidule mawu. Nditamaliza kunja kunkangomveka injini za malole.

"Ndinakufunsani, Amisiri," anatero chapansipansi. "Ndinakufunsani kawiri."

"Munandifunsa."

"Ine kusukulu sindinapite. Koma maso ndinali nawo. Ndinakaona kamchira kaja tsiku limene ankakweza mwana wanga, ndinakayang'ana mpaka ndege inalowa m'mitambo. Inu munandiuza kuti maso anga ndi abodza, ine n'kukhulupirira."

Ndinagwada pa simenti n'kuwapempha kuti andikhululukire. Anangotambasula dzanja. "Kapepalako." Ndinawapatsa, iwo n'kukaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Ndinati ndipempha tchuthi ndiwaperekeze, poti njira ndi yaitali ndipo saona. Anati, "Ayi. Mwandithandiza mokwana."

Mayi Nachisale atamva kuti a Zuze apeza kumene kungakhale mwana wawo, anakonza kuti dalaivala wathu wa njira ya ku Beira, a Matope, awatenge mpaka pakhomo pa mishoniyo. Zina zonsezo sanazidziwe, ndipo a Zuze sanauze munthu. Lachinayi m'mawa anthu a pa depoti tinasonkhana pa geti. Anagwirana chanza ndi aliyense, wina akuwatchulira dzina. Atafika pa ine anagwira dzanja langa monga anagwirira a ena onse, n'kulitaya. Kandege kaja anakatenga m'chikwama chawo.

A Matope anabwerako patatha masabata awiri, ndipo anatifotokozera tonse titazungulira lole yawo. Dzina la Filomena linalimo m'buku la masisitere. Anali moyo. Anakulira pomwepo, anaphunzira kusoka, anakwatiwa ku Chimoio ndipo anali ndi ana awiri. A Matope anati Filomena ataitanidwa anabwera akutsimphina ndi mwendo wake woikirira, n'kuima patsogolo pa bambo ake, ndipo mkuluyo anakweza manja n'kuyamba kumupapasa pamphumi, m'masaya, pachibwano, akufunsa anthu kuti, "Akufanana ndi mayi ake? Ndiuzeni, akufanana ndi Rozina?" Panalibe amene ankawadziwa a Rozina woti ayankhe. Anthu pa depoti anaomba m'manja, amayi ena analulutira. Ine ndinalowa m'shedi.

A Zuze sanabwererenso ku Mwanza. Ndinawalembera makalata atatu kudzera mwa a Matope, opempha mkamwini wawo kuti awawerengere, koma m'makalatamo sindinatchule mlandu wanga, ndinkangofunsa za moyo. Yankho linkabwera la pakamwa, lakuti ali bwino ndipo akupereka moni kwa onse a pa depoti. Anakhala ndi mwana wawo chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, n'kumwalira nyengo ya mvula.

Chaka chomwe ndinapuma pa ntchito

Kampani inali itayamba kugulitsa malole ake, mafuta akusowa dziko lonse, ndipo ine ndinali nditatsala ndi miyezi iwiri kuti ndipume. Tsiku lina mlonda wa pa geti anadzandiuza kuti pali mayi wina wochokera ku Zobuwe, kutsidya kwa malire, akufunsa Amisiri. Panali patatha zaka zambiri ndisanamve dzina limenelo. Ndinatuluka n'kupeza mayi wamtali, wa mpango wobiriwira, atatsamira ndodo. Mphumi inali ya a Zuze.

Anabwera kudzaona manda a mayi ake. Chichewa ankachitola pang'onopang'ono, chosakaniza ndi chakwawo, koma tinkamvana. Anagona kwathu masiku atatu, ndipo iwe Godifule uyenera kukumbukira, unamupatsa chipinda chako. Anabweretsera amayi anu chitenje. Tsiku lachiwiri tinakwera njinga za kabaza mpaka pamene msewu unathera, kotsalako tinayenda pansi, iye akupuma pa chitunda chilichonse. Anthu a pamudzipo anatilozera mandawo. Anazula udzu ndi manja, n'kukhala pansi nthawi yaitali, ine ndi amayi anu titaima patali.

Pobwerera anandiuza kuti bambo ake ankandikamba kawirikawiri. "Ankati ku Mwanza kuli Amisiri, dzanja lawo kulibe lina. Ankati tinkadya mbatata limodzi." Ndinafunsa ngati ananenapo china. Anaganiza pang'ono, n'kuti, "Ayi. Ankangoti mukadzapita mukawapatse moni." Amayi anu anandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa, koma munthuyo anali atangochoka pa manda a mayi ake, fumbi lidakali m'manja, ndipo ndinadziuza kuti si tsiku lake. Mwina zinali zoona. Mwinanso anali mantha omwe aja atavala malaya ena. Mpaka lero sindidziwa.

Tsiku lachitatu ndinamuperekeza pa malire, nditamunyamulira chikwama. Tikudikira minibasi ya ku Tete kutsidya kwa geti, ankayang'ana malole, kenako anatembenuka.

"Amisiri, ndifunse. Papa anasiya liti kuona? Iwo sankafuna kunena."

Ndikanatha kuyankha kuti sindikukumbuka bwino. Koma ndinali nditatopa nako kunama. Ndinati, "Chaka chomwe ananyamuka kuno. Chaka cham'mbuyo mwake ankaonabe nkhope ya munthu akaima pafupi."

Anawerenga ndi milomo, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chaka chimodzi chokha," anatero. "Akanandiona." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kumwetulira ngati akundipepesa ine. "Basi, ndi mmene Mulungu anafunira."

Minibasi inafika, kondakitala akuitana anthu. Ndinamuthandiza kukweza mwendo woikirira uja pa sitepe, n'kumupatsira chikwama pa windo. Anandigwira dzanja ndi manja ake awiri n'kunena kuti obrigada, zikomo wa kwawo, ndipo galimoto inanyamuka ndisanamuuze kuti asanamizire Mulungu, chaka chimenecho ndinachidya ndine.